Adzandikwapula Ndani Ukapita?

Taonga mwana wanga,

Masana ano ndinalowa m'chipinda mwako kukafuna singano, ndipo ndinapeza chikwama chija tinalongedza Lamlungu chili chopanda kanthu. Zovala wazibwezera pa chingwe, nsapato zatsopano wazikankhira kunsi kwa bedi ngati zalakwa. Sindinakufunse, chifukwa yankho unandipatsa kale dzulo utagwada pa mawondo angawa. Unati, "Amama, manje nikayenda, azamikwapulani ndani?" Ine ndinaseka kuti nkhani ithe, koma iwe sunaseke.

Galimoto yopita ku boma idutsa mawa m'mawa, ndipo a koleji ya zamagetsi ku Kabwe ananena pa foni kuti ukapanda kufika sabata ino malo ako apatsa wina. Chaka chatha unakhala, unati mvula yadula msewu. Msewu unadukadi, koma anzako anadutsa pomwepo ndi matope m'miyendo, ndipo ine ndinadziwa kuti chinakuletsa si mvula. Koleji siitana munthu katatu. Ndikulemba pamene iwe uli kutchalitchi kukonza sola yawo ija, chifukwa pakamwa sindikutha. Unatengera atate ako: ukayamba kufotokoza, ndimapezeka ndavomera zimene sindinafune. Pepala silinditsutsa, ndiye uwerenge mpaka kumapeto usanatsegule pakamwa.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa aphunzitsi tikayamba ndi malangizo sitifika kwina. Zikomo, Taonga. Kuyambira usanamalize pulayimale, nyamakazi ikandigwira umapita kuseri kwa khitchini, kuvala pulasitiki kudzanja, kuthyola nthambi za khwisa, n'kubwera kudzandikwapula nazo mawondo ndi m'chiuno. Pulasitiki imabooka, tiubweya ta khwisa timalowa, ndipo manja ako akhala otupatupa zaka zonsezi. Ndinamva kuti kusukulu anzako ankakana kukhala nawe pa desiki, ati uli ndi mphere. Iwe sunandiuze, ndinamvera kwa aphunzitsi anzanga, ndipo tsiku limenelo ndinalira nditatembenukira ku bolodi kuti ana asaone. Ana a eni amakula akukwapulidwa ndi amayi awo, iwe unakula ukukwapula mayi wako, ndipo ntchitoyo unaidziwa: osamenya ngati wakwiya, osasisita ngati ukuopa, kungogunditsa masamba pakhungu mobwerezabwereza, ine ndikuitana amayi anga amene anagona kalekale. Moto uja ukazilala, bondo limapepuka masiku angapo, ndimafika kutchalitchi ndi miyendo yanga. Masiku amenewo unandipatsa ndiwe, ndipo sindikudziwa kuti ndingakuthokoze bwanji mokwanira.

Tsopano tamvera za uchitsiru wanga. Uli wambiri, ndipo pafupifupi wonse unachitikira pa tsamba lomweli. Nditangofika kuno ku Kambombo, m'boma la Chama, kuchokera kwathu ku Katete, ndili mtsikana wokulira pa boma pabwalo losesedwa, anandipatsa kanyumba ka sukulu kamene kuseri kwake kunali khola lakale la mbuzi. Pamanyowa paja, mumthunzi, panamera tchire lobiriwira bwino, masamba ake a mano m'mbali ngati macheka. Ndinafuna kuonetsa makolo odutsa kuti aticha atsopano si aulesi, ndiye ndinamanga chitenje n'kuyamba kuzula ndi manja. Chitedze ndinkachidziwa, koma apa panalibe nyemba zaubweya, ndiye ndinati palibe chingandichite. Sindinazule kawiri. Moto unayamba m'zala n'kukwera mpaka m'zigongono, ndinayamba kukanda, ndipo ndi manja omwewo ndinakandanso khosi ndi nkhope. Mnyamata wina wa njinga anaima pamsewu, anaonerera kaye mpaka kukhuta, kenako anati, "Aticha, lekani kukanda, muzakalamba mukali kukanda. Uyo ni khwisa." Anatunga madzi ozizira, anandiuza kuti ndisambe ndi sopo osatikita, kenako ndikhale pansi ndidikire, moto utha wokha. Mnyamatayo anali atate ako. Mpaka kumwalira kwawo ankauza anthu kuti anandipeza ndikuvina ndekha kuseri kwa nyumba popanda ng'oma.

Ndiye ukafika ku Kabwe, usathamangire kuonetsa anthu kuti ukudziwa. Safunsa anadya phula. Ine ndikanangofunsa mwana wa giredi wani, akanandiuza dzina la tsamba lija, koma ndinaona ngati kufunsa kundichepetsa. Iwe ukupita kukagwira mawaya, ndipo waya wamoto alibe chifundo cha khwisa, sakupatsa mpata wosamba ndi sopo. Funsa, ngakhale anyamata a m'kalasi akuseke kuti wa ku Chama sadziwa kanthu. Akakuseka, usakande. Mawu oyabwa ukawabwereza mumtima usana ndi usiku amatupa kuposa mmene anakugwerera. Samba, khala pansi, udikire, mawa uziwerenga mabuku ako.

Chaka china mvula inaleka kugwa chimanga chikungomasula, ndipo mpunga wa kudambo unapsa usanabereke. Iwe unali kumsana. Mlongo wa atate ako, ankhazi ako a ku Chikwa, anabwera kudzationa atasenza mtolo wokulunga m'thumba. Nditamasula ndinapeza nsonga za khwisa, ndipo mtima unandipsa. Ndinati mlamu wanga wayenda mtunda wonsewu kudzandinyoza, wamva nkhani ya kuvina kuja. Atatembenuka ndinakataya mtolo wonse kudzala. Koma iwo anaona. Anatuluka madzulo, anabwera ndi zina, anaphika okha ine ndili kumjigo, ndipo titakhala pa mphasa ndinadya ndiwo zotendera zofewa bwino mpaka ndinapempha zina. Ndinafunsa kuti bonongwe wotere amupeza kuti m'chaka chouma chonchi. Anati, "Ni wamene uja munataya, mulamu." Atate ako anatsamwa ndi kuseka, ine ndinangoweramira m'mbale.

Anandiphunzitsa mawa lake. Umathyola nsonga zanthete zokha, khwisa asanachite maluwa, dzanja utalikulunga. Ukamuviika m'madzi owira ukali wake wonse umatha, ndipo ukataya madzi oyambawo umaphika monga masamba ena, ndi nsinjiro ndi tomato ngati alipo. Ukamuyanika mumthunzi amasiyanso kuyabwa. Chaka chimenecho tinadya khwisa mpaka maungu atayamba, ndipo ine amene ndinkachita chizungulire poyamwitsa ndinabwerera m'thupi. Anthu amati amawonjezera magazi. Ine sindinayeze, ndikungodziwa kuti mkaka sunaume ndipo iwe sunafe. Ankhazi ako ndimawathokoza mpaka lero, ndipo ukapeza mpata uziwaimbira foni, osadikira maliro.

M'thumba la m'mbali la chikwama chako ndaikamo kapaketi ka mfutso wa khwisa. Usakataye kudzala chifukwa choopa kuti anzako a m'tauni aona. Chakudya cha ku koleji ndikuchidziwa, ndi kabichi lero, kabichi mawa, ndiye tsiku lina udzafuna ndiwo za kwanu. Ukafuna tiyi, tsina pang'ono uthire madzi owira, koma usamwe madzulo chifukwa amakodzetsa, udzavutitsa amene mukugona nawo chipinda. Akuluakulu amati mayi woyembekezera asamwe tiyi ameneyu. Ndalemba kuti udziwe ndi kuuza ena, osati kuti ndikuyembekezera kuti langizoli likukhudze. Kuno ndikudikira satifiketi, zina zidzabwera pa nthawi yake. Ndipo munthu akakupatsa chinthu chooneka chonyozeka, yamba wafunsa kaphikidwe kake usanakwiye.

Za mawondo ndinazipeza mwangozi, ndipo nayonso ndi nkhani yondichititsa manyazi. Nyamakazi itayamba, tsiku lina ndinkathamangitsa nkhuku imene inaba nsomba pa thandala, ndinaterereka n'kugwada m'tchire la khwisa ndi mawondo onse awiri. Ndinalira ngati mwana. Koma m'mawa mwake ndinadzuka pa mphasa osagwira khoma, ndipo ndinadabwa. Ndinayesanso mwadala, atate ako akundigwirira nthambi, zinachitikanso chimodzimodzi. Nditapita kuchipatala ku boma ndinawauza adokotala ndikuopa kuti andiseka. Sanandiseke. Anati ena amapezadi mpumulo motero, koma nyamakazi sichoka, mapiritsi ndisasiye, pachilonda kapena pakhungu losupuka ndisayandikizepo, ndipo tiyi wake ndisamamwe mwachisawawa popeza ndili pa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndinabwera n'kubzala khwisa kuseri kwa khitchini, pansi pa mango paja pamene timataya madzi otsukira mbale, kuti asaume ngakhale m'chilimwe pamene chigwa chino chimatentha ngati chiwaya. Atate ako anakhala wokwapula woyamba, ndipo ankati ndi mwamuna yekhayo m'Kambombo monse amene amakwapula mkazi wake mkaziyo n'kunena zikomo.

Kulakwa kumene kumandiwawa kwambiri n'kwa matenda a atate ako. Mkodzo unayamba kuwavuta, ankatuluka pafupipafupi koma osamaliza. Madoda anzawo anati mizu ya khwisa imathandiza amuna pa vuto limeneli, ndipo ine ndinakumba, ndinatsuka, ndinawiritsa. Anapezadi bwino pang'ono, n'kunena kuti achira. Ndikati tiyeni ku boma, ankati thonje likufuna kutola. Thonje litatha anati mpunga, mpunga utatha anati njinga ilibe tayala. Ine ndinkavomera chifukwa ndinkaona akugona tulo, ndipo mumtima ndinkanyadira kuti mankhwala a kuseri kwa khitchini yanga akugwira ntchito. Tsiku limene tinawanyamula pa ngolo, adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mofatsa kuti chotupa chinali chitapita patali. Sanandidzudzule, koma ndinamva ndekha. Khwisa sanawaphe atate ako, anangotonthoza ululu umene ukanatithamangitsira kuchipatala nthawi ikadalipo. Maliro atatha, nyamakazi itandigwiranso, unatenga nthambi iwe popanda wokutuma.

Ndiye mwana wanga, thupi likakuuza chinthu chachilendo, pita kukiliniki sabata yomweyo, osadikira mayeso athe. Chotonthoza ululu n'chabwino, ndimachithokoza tsiku lililonse, koma si chochiza. Ndipo tamvetsa apa, chifukwa ndi pamene pali nkhani yathu. Ukakhala pano chaka china, mawondo anga adzakhala chonchi. Ukakhala mpaka imvi, adzakhalabe chonchi, ndipo mwina adzaipirapo. Kukhala kwako kumandipepuza, ndikuvomera, koma sikundichiza, ndipo ine ndinaphunzira kale pa manda a atate ako mtengo wa kuzengereza chifukwa lero zili bwinoko. Sindikufuna tsiku lina munthu andiitanire pambali n'kundiuza kuti za mwana wanu zinapita patali, mukanamutumiza kale.

Ndikudziwa chimene uyankhe. Unena kuti madzi amayi a kutchalitchi adzanditungira, munda msuweni wako adzalima, koma khwisa palibe amene amamukhudza m'mudzi muno, ndipo zala zanga zopindikazi sizingathyole, msana sungawerame, m'chiuno sindingafikemo. Zonsezo n'zoona. Koma chifukwa chake anthu amamuopa ndi ine ndemwe, ndipo ndi kulakwa kwanga komaliza kumene ndikuuze.

ANyagoma, oyandikana nafe mpandawa, anali mnzanga kuposa m'bale. Pa maliro a atate ako ndiwo anagona pambali panga pansi, ndiwo anandikakamiza kumwa phala. Unalipo tsiku limene kamdzukulu kawo, kali maliseche, kanathamangitsa mwanapiye n'kugwera m'khwisa wanga, pamene ndinali ndisanamange mpanda. Kamwana kanalira mpaka mawu kutha, thupi lonse totupa. ANyagoma anabwera ndi chikwanje, anatchetcha tchire lonse, n'kukuwa anthu a kumjigo akumva kuti, "Munthu wabwinobwino angabyale khwisa pa nyumba? Ni mankhwala ya chani aya?" Chimene ndinayenera kuchita chinali kunyamula mwana, kumusambitsa ndi sopo monga anandichitira atate ako, ndi kupepesa. M'malo mwake ndinaimirira pakhonde ndi mawu anga a m'kalasi, ndinati, "Ndikanakufotokozerani, koma zimafuna munthu woti anapondako kusukulu." Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Khwisa anaphukanso mvula itabwera, ndinamumangira mpanda wa bango umene ndikanamanga poyamba, koma mawu awo ndi anga anatsala. Chiyambire pamenepo amayi a m'mudzi amandithandiza chilichonse, koma ukawatchulira khwisa amati izo n'za aticha, n'kupukuta manja pa chitenje. Ine ndi aNyagoma takhala tikupemphera m'tchalitchi chimodzi, aliyense akuyang'ana khoma lake.

Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine wanga ndinaupeza m'manja mwako, chifukwa ukanakhala kuti sindinanyoze mnzanga, ntchito imeneyi sikanagwera kamwana kamodzi. Ukakaphunzira, Taonga, udzabwera ukudziwa zinthu zimene anthu a kuno sadziwa. Usadzagwiritse maphunziro ako ngati chikwapu. Ukalakwira munthu, pepesa tsiku lomwelo, chifukwa kupepesa kukagonera kumalemera, ndipo kwanga kunafika poti sindikanatha kukunyamula.

Nditaona chikwama chako chili chopanda kanthu, ndinakhala pabedi pako kanthawi. Kenako ndinatenga ndodo, ndinadutsa pampata wa mpanda paja pamene sindinadutsepo chiyambire tsiku la chikwanje. Udzu unali utatsekapo, ndinachita kupatula ndi ndodo. Ndinawapeza aNyagoma pa mphasa akusankha mpunga m'lichero. Ndinati odi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anandikankhira kampando ndi phazi.

"Mwasoba njira, aticha?" anatero.

"Sindinasochere, aNyagoma. Ndabwera kudzapepesa, ndabweranso kudzapempha."

"Yambani na kupepesa, nimveko mwamene aticha apepesela."

Ndinapepesa. Ndinapepesa za mwana, za mpanda umene sindinamange, ndi za mawu aja a sukulu, ndinawabwereza onse mmene ndinawanenera kuti asaganize kuti ndaiwala. Iwo anangopitiriza kuchotsa timiyala mumpunga. Nditamaliza anati, "Manje chopempha?"

Ndinawauza za iwe, za koleji, za chikwama, ndi za funso lako la dzulo. Ndinati ndikufuna munthu wondikwapula mawondo ndi m'chiuno.

Anaika lichero pansi. "Mukamba kuti nimikwapuleni? Ine? Na khwisa?"

"Inu nomwe."

"Kangati?"

"Nthawi zonse nyamakazi ikandigwira, mpaka mwana atamaliza sukulu."

Anayang'ana kumwamba, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. "Chiuta sagona," anatero. "Tiyeni manje manje, mungasinthe maganizo."

Ndinawapatsa pulasitiki, anakana, ati iwo anabadwira m'chigwa muno, si alendo a ku Katete. Analowa m'mpanda wa bango n'kuthyola ndi manja. Ndinaona akuluma mlomo, ndipo ine ndinadziwa kuti ndikaseka ntchito yatha, ndiye ndinayang'ana nkhuku. Ndinafuna tilowe m'nyumba monga timachitira ine ndi iwe, iwo anati ayi, tikhale pakhonde, poonekera njira ya kumjigo. "Aone," anatero. "Ni ine ninakamba, ni ine nizafafaniza." Amayi odutsa ndi zidebe anaimadi, ena anatula madzi pansi kuti aonetsetse.

Taonga, dzanja lako n'lofewa, lero ndadziwa. Mayi uja amakwapula. Yoyamba anati ndi ya mdzukulu wawo. Yachiwiri anati ndi ya sukulu imene sanapondeko. Yachitatu sananene kuti ndi ya chiyani, ndipo ine sindinafunse. Misozi inatsika, ina ya khwisa, ina ayi. Atafika pa bondo lachiwiri ndinamva dzanja likufewa, anayamba kugunditsa monga umachitira iwe, ndipo ndinazindikira kuti akhala akuonerera. Atamaliza anataya nthambi, anagwada, n'kuyamba kuuzira mawondo anga ndi pakamwa monga amachitira mayi mwana akapsa.

"Nenze kumuona mwana wanu pa mpanda," anatero ali chogwada, "kamwana kang'ono, manja yotupa. Mutima wenze kubaba. Nenze kufuna kubwela, koma munanichititsa nsoni pa banthu."

Ndinati ndikudziwa.

Anatsitsa bulauzi paphewa lamanzere n'kundionetsa. "Ili phewa silinyamuka, na musi wosinjila siningakweze. Nenze kumiona muyenda ku chalichi, ine nili chabe na nsanje. Mailo ni imwe kunikwapula. Kuthyola nizathyola neka, imwe muzagwila chabe."

Nthambi yothyoledwa kale ndingagwire, zala zanga zimakwanitsa zimenezo. Ndiye mawa masana, iwe uli m'basi, ine ndidzakhala ndikubweza, ndipo ndikukulonjeza kuti sindidzawerengera za chikwanje. Pochoka ndinawakakamiza kusamba m'manja ndi sopo, anavomera monyinyirika, ati pulasitiki ija ndiwasungire.

Ndathokoza Mulungu madzulo ano pa zinthu zambiri. Ndathokoza chifukwa cha tsamba loyabwa limene linandipezera mwamuna, linatidyetsa m'chaka cha njala, ndipo limandiimiritsa pa miyendo yanga. Ndathokoza chifukwa cha ankhazi ako amene sanabweze chipongwe changa, ndi chifukwa cha aNyagoma amene anakankha kampando m'malo mondithamangitsa. Koma koposa ndathokoza chifukwa cha iwe, ngakhale chifukwa cha kuuma mutu kwako, pakuti ukanapanda kukhuthula chikwama chija ine ndikanafa ndisanadutse pampata paja. Unandichitira zimene mwana sayenera kuchitira kholo kwa nthawi yaitali chonchi, ndipo unachita osadandaula. Ntchito imeneyo yatha lero, ndakuchotsa.

Ndikukumbutsenso, poti mphunzitsi sanena kamodzi. Funsa usanagwire. Akakuyabwa usakande. Usataye chimene sunafunse kaphikidwe kake. Ukadwala pita kukiliniki msanga. Sunga pakamwa pako, makamaka pamene ukudziwa kuti ukunena zoona. Uziimba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo ukamva ndikudandaula za mawondo usakwere basi, ndi mwambo wanga chabe, ndinayamba kudandaula iwe usanabadwe. Ndidzakusowa, ndisakunamize. Nyumba ino idzakula ukachoka, ndipo masiku oyamba ndidzaphika ndiwo za anthu awiri. Zimenezo ndi zanga, ndizinyamula, iwe unyamule mabuku.

Kalatayi ndaiika pamwamba pa chikwama. Ukamaliza kuwerenga usabwere kudzanditsutsa, ndigona msanga, bondo likutentha bwino. Tsitsa zovala pa chingwe, tulutsa nsapato kunsi kwa bedi, ulongedze. M'mawa aNyagoma abwera kudzakuperekeza kumsewu, ati chikwama asenza iwo pamutu popeza ine sindingafike ndipo khosi lawo lilibe vuto. Usawakanize, sakanizika. Unandifunsa kuti adzandikwapula ndani. Akakupatsa dzanja potsanzikana, uliyang'ane: latupa kuyambira m'zala mpaka pamkono, monga linkachitira lako. Uligwire ndi manja awiri, uwathokoze, kenako ukwere.

Ndine mayi wako amene unamuyendetsa,
Naphiri